Sowo ya Atate ndi Njanji Yake

Fungo la matabwa a mukwa likandipeza, ngakhale ndili m'basi, mtima umabwerera kuseri kwa nyumba yathu ku Kabwata, masiku aja a chipani chimodzi pamene sopo ndi makandulo tinkachita kuimira pamzere. Atate anali kalipentala. Anali ndi sowo yamagetsi imene inkayenda pa thabwa lalitali lowongoka, lokhomeredwa kachitsulo m'mphepete. Thabwalo ankalitcha njanji. Kunsi kwa sowo kunali kangalande kolowa pa kachitsulo kaja, ndipo ziwirizi zikagwirana, mzere unkatuluka wowongoka kuti see. Kandulo ikapezeka, Atate ankayamba apaka njanji yawo kuti iziterera, ife n'kulandira zotsala. Amayi ankachita kulusa nazo!

Kenaka manja a Atate anayamba kunjenjemera. Sowo inkadzuka kumbuyo, n'kuchoka pa njanji, n'kuluma thabwa pomwe iwo sanafune. Tsiku lina inatsala pang'ono kuwadya ntchafu. Alongo anga aakulu, munthu wa muofesi amene ngakhale msomali sanakhomepo, anabwera Loweruka atamanga kale mfundo.

"Atate, iyi sowo izakupayani. Nizaitenga lelo."

Atate sanakwiye. Analoza thabwa la mukwa limene linali pa benchi, la chitseko cha nyumba ina ku Woodlands.

"Nikadula ili osachoka pa njanji, sowo ikhala. Ikachoka, tenga."

Ine ndinali mayi wa ana awiri pamenepo, ndinangobwera kudzacheza. Anandipatsa ntchito yonyamula chingwe chamagetsi paphewa kuti chisakole. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, nkhuku zitayasama pansi pa mango. Sowo italira, zonse zinakhala ngati zikuchitika kutali. Utuchi wofiira unkayandama m'mwamba osafuna kutera, wina n'kukhala pa nsidze za Atate, wina pa chitenje changa. Ndinkayenda pambuyo pawo pang'onopang'ono ngati ndikuperekeza mkwati.

Tili pakati pa thabwa ndinaona kumbuyo kwa sowo kukudzuka. Kampata kake kanali kochepa, koti chikhadabo chokha n'kulowa, koma kuwala kunkaonekera. Mayo ine! Sindinaganize n'komwe. Ndinaika zala ziwiri pa ngodya ya chitsulo cha kumbuyo kwa sowo n'kukanikiza. Alongo anga anali mbali inayo, atatsinzina chifukwa cha utuchi, sanaone kanthu.

Kunjenjemera kwa Atate ndinkakumva kukudutsa m'chitsulo mpaka m'zala zanga. Ndinali ndisanadziwe kuti kwafika pamenepo. Tinayenda choncho awiri, iwo akukankha, ine ndikukanikiza, mpaka chidutswa chinagwa pansi kuti phi.

Alongo anga anayendetsa chala m'mphepete modula muja, uku ndi uku, ngati amadziwapo kanthu. Anapukusa mutu n'kutola jekete lawo.

"Mwawina, Atate."

Mumtima ndinkavina. Ndinati ndawapulumutsa akuluakulu, sowo yakhala, ndipo palibe adziwe.

Atate anazula pulagi. Anapukuta sowo ndi kansanza, anakulunga chingwe mosafulumira monga ankachitira poweruka. Alongo anga anali atafika kale pa geti pamene Atate anawaitana.

"Bwela utenge."

Ine ndinayamba kulongolola kuti pangano ndi pangano, thabwa si ili lawongoka? Atate anandiyang'ana, osati mokalipa, maso ali ofewa, utuchi uli mbuu kumaso.

"Mwana wanga, iyi sowo nakalamba nayo. Niziba kulema kwake. Lelo yenze na zala ziwili zamene si zanga."

Alongo anga ananyamula sowo osamvetsa chomwe chachitika, ndipo Atate anati njanji isatsale, chifukwa payokha ilibe ntchito. Ndinainyamula ndine paphewa mpaka pokwerera basi, ndikulira ngati chitsiru msewu wonse.