Madesiki Anayenda pa Njinga

Inu amene mukuti zinthu zakukanikani, tamvani za Salome wa ku Tembwe.

Mu Novembala 1994, mayi wamasiyeyu anaima kumbuyo kwa lole pa boma la Chama, manja ali kumutu. Ahedi a sukulu ya kwawo anali atamupatsa ntchito ya madesiki makumi anayi, pokumbukira malemu mwamuna wake, yemwe anali kalipentala. Matabwa Salome ankawadziwa, poti zaka zonse ankathandiza kupala. Koma zachitsulo anazisiya kwa a Hosea, wowotcherera wa ku Lundazi, nangowauza kuti, "Mundipangire madesiki."

A Hosea anapangadi, ndipo anawotcherera lililonse lathunthu, miyendo ndi mpando pamodzi. M'lole munangokwana khumi ndi awiri. Msewu wa ku Lundazi unawakhutchumula mpaka asanu ndi awiri anathyoka mowotcherera. Otsalawo dalaivala anakana kupita nawo ku Tembwe, akuti mvula yayamba, lole ititimira.

"Amayi, sukulu itsegula Januwale," anatero ahedi. "Ngati kulibe madesiki, ntchito ndipatsa wina."

Ntchito imeneyo ndiyo inali chakudya cha ana ake atatu. Salome analira, osabisa. Ena m'mudzi ankachita kuseka, amvekere mkazi ndi sipanala zinayamba liti.

Tsiku lina ali pa boma, anausa mvula pakhonde la shopu ya njinga. Mwini shopu anatsegula katoni yopyapyala n'kutulutsa gudumu palokha, handulo payokha, tcheni m'kapepala. Mvula isanakate, njinga inali itaima.

"Kodi mwaipanga ndinu?" anafunsa Salome.

"Iyayi, opanga ali kutali. Ine ndimangomanga."

Basi, mutu wa mayi uja unatseguka. Anagulitsa mpunga wa mbewu, ulendo ku Lundazi.

"A Hosea, musawotchererenso desiki lonse. Inu dulani zitsulo, pindani, boolani. Kumanga ndikamanga ndekha ku Tembwe ndi mabawuti."

"Manje dzina langa likhala pati? Ine sindigulitsa zidutswa."

"Dzina lanu lili pa madesiki othyoka aja pa boma, miyendo ili m'mwamba."

A Hosea anakanda mutu, kenako anaseka, navomera.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Zidutswa zoyamba zitafika, mabowo sanakumane, chifukwa bambo aja ankayeza ndi maso. Bawuti kulowa uku, uko ikukana. Wina akanatukwana n'kuzitaya. Salome anadula kachidutswa ka lata, nabooleratu mabowo anayi pamalo ake enieni, n'kubwereranso ku Lundazi kachitatu, msana ukuwawa ndi mabampu.

"Bowo lililonse litsate apa," anawauza. "Maso asiyeni apume."

Ulendo uno zitsulo za madesiki onse makumi anayi zinakwana pakona imodzi ya lole, pamwamba pa matumba a feteleza. Kuchokera pa boma, alimi a ku Tembwe anazimanga m'mitolo ndi mphira, aliyense mtolo wake panjinga, pamatope kutsika n'kumakankha. Mayi uja, kulimba mtima kwake ine kumandigometsa. Masabata awiri anakhala pansi pa mtengo wa mango kusukulu, kumanga desiki ndi desiki, zikhatho zili matuza okhaokha.

Tsiku lotsegulira, ana amene ankakhalira njerwa analowa m'kalasi n'kuima, kuopa kukhala. Ahedi, munthu wathupi ndithu, anakhala pa desiki limodzi, kuligwedeza uku ndi uku. Silinalire n'komwe.

"Amayi, a sukulu ya ku Kambombo afunanso makumi asanu ndi limodzi. Mukwanitsa?"

"Auzeni apope njinga," anayankha Salome.

Abale, simungapange zonse nokha, ndipo si manyazi. Dziwani choti mupatse wina, mumuuze momveka, ndipo chotsalacho chigwireni ndi manja anu. Zikakanika koyamba, zikakanikanso kachiwiri, nyamukani kachitatu. Osataya mtima.