Tepi yotsiriza ya achimwene

Ndinadzuka kusanache. Ndinali nditagona pamkeka kukhonde kwa nyumba ya siwa, pakati pa amayi amene anachezera nafe. Nyimbo zinali zitatsika, m'nyumba munkangomveka mawu a okalamba ochepa akuimba chapansipansi. Abambo anali atazungulira moto pabwalo. Sikuti kunkazizira, poti kwathu kuno ku Chikwawa mwezi wa Okutobala mpweya supola ngakhale m'bandakucha, koma ankafuna utsi wothamangitsira udzudzu. Nditakweza mutu ndinaona babu la pachigayo tsidya la msewu litayaka. Magetsi, amene anathima dzulo lake ndi chimphepo, anali atabwera. Ndinamanga chitenje n'kunyamuka.

Malemu anali achimwene anga, bambo a Tiyamike. Ntchito yawo inali yojambula mavidiyo a maukwati, zinkhoswe ndi maliro, ndipo ankaitanidwa kuyambira ku Kasisi mpaka kumunsi kwa Malemia. Ine ndinkawathandiza kudula ndi kulumikiza zithunzizo pakompyuta, m'kachipinda kawo ka pamsika. Sanadwale nthawi yaitali. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tiyamike, anakwatiwa ku Joni, ndipo pamene uthenga unkamufika anali woyembekezera, masiku oti achire atayandikira, moti ulendo wa pabasi sakanautha. Anandiimbira foni akulira.

"Azakhali, mundijambulire. Ndione pomwe mwawagoneka ababa."

Ndinavomera ndisanaganize. Nditakayang'ana zida ndinapeza kuti tepi yatsopano panalibe. Zakale zinali zitajambulidwa mobwerezabwereza mpaka chithunzi chinkangodukaduka. Yabwino inali imodzi, imene inali m'kamera, ndipo munali ukwati wa ku Kasisi umene achimwene anajambula asanagwe pansi. Anali asanausamutsire pakompyuta. Pamsika pathu matepi otere sankagulitsidwa, ku Blantyre kunali kutali, maliro nawo sakanadikira ndi kutentha kumene kunalipo. Njira inali imodzi: kusamutsa kaye ukwati wa eniake, kenako kujambula maliro pamwamba pake. Chimene ndinkangodikira chinali magetsi.

Ndinagwada pafupi ndi atsibweni athu, amene ankayendetsa zonse, n'kuwanong'oneza za ulendo wanga wa kukachipindako. Anandikumbutsa kuti mlongo wake wa malemu malo ake ndi pamutu pa bokosi. Kenako anati, "Pita, koma dzuwa lisakupeze komweko."

Panjira ndinakumana ndi adzukulu atanyamula makasu ndi mafosholo, akupita kumanda kukayamba kukumba kusanatenthe. Atsikana ankachokera kumjigo ndi ndowa pamutu. Pamsewu masamba amene tinaika dzana anali atafota kale, wina n'kuikapo atsopano.

M'kachipindako zinthu zinali momwe achimwene anazisiyira. Kompyuta inali yofunditsidwa ndi chitenje chakale poopa fumbi, kapu yawo ya tiyi ili pazenera. Ndinayatsa, ndinalumikiza waya kuchokera pakamera kupita kumbuyo kwa kompyuta, n'kutsegula pulogalamu yodulira mavidiyo. Kompyuta sinaione kamera. Ndinazula waya, n'kulowetsanso, koma osatheka. Kenako ndinaona kuti kabatani ka pakamera kanali pojambulira. Nditakatembenuzira poonetsera, kompyuta inalira pang'ono, zenera n'kutseguka. Ndinabweza tepi kuchiyambi ndi kudina kuti iyambe kukoka.

Pasanapite nthawi chithunzi chinaima. Pabowo polowetsa waya panali patakula ndi kugwiritsidwa ntchito, moti kungogwedeza tebulo pang'ono waya ankataya. Achimwene ankatsamiritsapo kabokosi ka machesi, koma ine ndinakafunafuna osakapeza. Ndinabwezanso tepi, ndinakanikiza waya ndi chala, n'kuyambiranso. Tepi sili ngati zida za masiku ano zimene umangokopera kamodzi n'kamodzi. Imayenda paliwiro lake, ndipo kuti ilowe yonse uyenera kuionera yonse. Choncho ndinakhala pampando wa achimwene, chala pawaya, n'kumaonera ukwati pa tsiku la maliro awo.

Mkwatibwi ankatsika m'galimoto yokongoletsedwa ndi mapepala. Ana ankathamangira kamera. Achimwene sankaoneka, koma mawu awo ankamveka pafupi kwambiri, akuuza anthu kuti asunthire kumthunzi, akuseka, nthawi zina akutsokomola. Kunja kunkayera, ndipo mphepo ikatembenuka inkabweretsa nyimbo za kusiwa. Chala chinachita dzanzi, ndinasintha n'kuika china mosamala.

Chakumapeto kwa tepi, nthawi ya perekaniperekani, mayi wina wonenepa anabwera molunjika kamera. "Inu mumangojambula anzanu basi? Bwerani!" Chithunzi chinagwedezeka, kunaoneka denga la tenti, kenako miyendo ya anthu. Wina anali atalanda kamera. Ikukhazikika, achimwene anali pakati pa bwalo, malaya atanyowa kumsana, akuvina mwamanyazi, manja ali m'mwamba. Wojambulayo sankadziwa ntchito, anawadula chipumi, chithunzi chili chopendekeka. Sizinatenge nthawi. Anathamangira kamera yawo akuseka, dzanja lawo n'kuphimba galasi. Pa zaka zonse zimene ndinakhala ndikudula mavidiyo awo, aka kanali koyamba kuwaona ali mkati.

Tepi itatha ndinasunga ntchitoyo, n'kuitsegulanso kuti nditsimikize kuti yalowa. Ndinayang'ana koyambirira, pakati ndi kumapeto. Zonse zinalimo. Komabe kompyutayo inali yokalamba, inkazima yokha kukatentha, ndipo sindinkaikhulupirira. Ndinaganiza kuti ndijambule maliro mosinira, kuti ndisafike pamene panali kuvina kuja. Ndinabweza tepi, ndinatenga mabatire onse, n'kutseka chitseko.

Ndinafika kusiwa dzuwa litatuluka kale. Atsibweni anangondiyang'ana. Kuseri kwa nyumba moto unali utayaka m'mizere, amayi akusenda anyezi, ena akusankha nyemba, utsi ukukwera mowongoka poti kunalibe mphepo. Mbuzi inali itapachikidwa pamtengo wa nimu. Ndinajambula pang'ono pokha, kuti Tiyamike aone pakhomo pawo.

Anthu anayamba kufika. Ena anabwera pa njinga, mayi kumbuyo atanyamula mtolo wa nkhuni. Ena pa ngolo. Lole ya kuminda ya nzimbe inatsitsa amuna ovala maovololo amene anapempha kuchoka kuntchito. Kunabwera gulu lochokera cha ku Kapichira, ndi lina la ku Nsanje, akwawo kwa alamu, akazi a malemu, amene anayamba kulira m'Chisena akadali pamsewu. Amayi a mumpingo ovala zoyera anakhala mbali imodzi. Mithunzi inachepa, anthu n'kumasuntha nayo. Ambiri mwa obwerawo sindinkawadziwa maina, koma nkhope ndinkazidziwa, poti ndinaziona pakompyuta, ena akukwatitsa ana, ena akuika makolo awo.

Pakati pa anthuwo ndinaona mayi uja amene anakokera achimwene m'bwalo. Anali mayi ake a mkwatibwi. Ndinamuyandikira n'kumuuza kuti ukwati wa mwana wake ulipo, sunatayike. Anandigwira dzanja ndi manja onse awiri, n'kuthokoza.

"Takhuta, mayi. Koma sitinabwerere zimenezo."

Poona nkhope, mzere unali wautali. Ndinaima pakona pachitseko. Ena ankaiyang'ana kamera mokayika, mwina poona kuti waigwira ndi mzimayi, mlongo wake wa malemu. Mayi wina wachikulire anang'ung'udza, mnzake n'kumuuza kuti ndi za mwana wa ku Joni, ndipo anangogwedeza mutu. Ndinajambula nkhope ya achimwene kamodzi, mosachedwa. Alamu anali pansi pamutu pa bokosi, atafunda chitenje mpaka kumaso.

Mwambo unachitikira pabwalo. Atsibweni ananena mbiri ya malemu mwachidule. Abusa analalikira, thukuta likutsika m'khosi. Pamene aliyense ankalankhula ndinkajambula chiyambi chokha n'kuimitsa, maso ali pamanambala aang'ono osonyeza pamene tepi yafika. Kumapiri a ku Thyolo kunasonkhana mitambo, anthu ena ankayang'anako, koma mvula sinabwere.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Bokosi linatsogola paphewa pa achinyamata, akulandizana osaima. Njira ya kumanda imadutsa m'minda yopsereza kale, yodikira mvula, ndiye fumbi linakwera mpaka oimba anayamba kutsokomola. Ndinathamangira kutsogolo, ndinaima pachulu, n'kujambula mzere wonse ukubwera. Unali wautali kuposa momwe ndinkaganizira, mchira wake ukadali kumudzi. Apa ndinalephera kusinira. Ndinafuna kuti mwanayo aone kuchuluka kwa anthu amene anaperekeza bambo ake.

Kumanda, pansi pa mlambe, adzukulu anali atayera ndi dothi. Pamene ankakonza zingwe ndinayang'ana manambala aja. Malo amene anatsala ndisanafike pa kuvina kwa achimwene anali ochepa, ongokwana kutsitsa bokosi. Kukwirira ndi nkhata zikanalowa pamwamba pake. Ndinaima ndi kamera m'manja, anthu akuimba. Kuvinako kunali pakompyuta, koma ndinkadziwa kuti makina aja atati afe, sikudzapezekanso pena paliponse. Tiyamike naye anali atandiuza chimene ankafuna.

Bokosi linatsika. Abusa anaponya dothi. Sindinaimitse. Adzukulu anakwirira mosinthana, mafosholo akulira, manambala akupita. Ndinawaona akudutsa pamalo paja. Ndinagwira kamera ndi manja onse awiri kuti chithunzi chisagwedezeke. Amayi anawagwirira alamu mbali zonse poika nkhata yawo. Kenako anaitana nkhata ya mwana wa malemu. Anthu anayang'anana, poti amene anayenera kumuimirira ndinali ine. Atsibweni anadzuka okha, anatenga nkhatayo, anagwada movutikira ndi mawondo awo okalamba, n'kuiika kumutu. Asanadzuke anayang'ana m'kamera n'kunena kuti, "Tiyamike, takuikira." Tepi inathera pamapemphero otsekera.

Pobwerera anthu anasamba m'manja pamsewu, anadya, n'kuyamba kutsanzika. Lole inanyamuka, ngolo nazo zinatsatira. Kamera ndinaiika m'chikwama chake n'kuibisa m'chipinda. Kusamutsa maliro ndinasiyira tsiku lina, poti ndikanayenera kuwaoneranso onse. Patapita masiku ndinachita zimenezo, kompyuta sinandikhumudwitse, ndipo chimbale chinapita ku Joni ndi munthu wina wa pabasi, kuvina kuja nditakuika kumapeto. Koma madzulo amenewo sindinkadziwa kuti zidzatero.

Dzuwa likulowa panatsala achibale ochepa. Mabenchi a kutchalitchi anali atabwezedwa, pabwalo pali mafuwa akuda ndi phulusa. Nkhuku zinkatolatola pamene panali ophika. M'nyumba mipando inali isanabwezedwe, chipinda chochezera chinkaoneka chachikulu. Alamu anali okha pamphasa, atatsamira khoma, chitenje atachitsitsira m'mapewa. Ndinakhala pambali pawo. Tinakhala choncho nthawi ndithu, tikumva mbuzi zikulowa m'khola kwa aneba.

"Mlamu," anatero, mawu atasasa, "ine lero sindinaone kanthu. Anthu anabwera?"

"Anabwera, alamu."

"Akwathu aja anafika bwino?"

"Anafika m'mawa, onse."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Tandiuzani. Muyambire poyamba."

Ndinawongola miyendo pamphasapo, ndinayamba kuwauza.