Buick ya a Reino ndi mchere wa mumsewu

Alamu anga, a Reino Salmela, anagwira ntchito imodzi moyo wawo wonse: kuyendetsa chilole chaboma chothira mchere m'misewu kuti chipale cha m'nyengo yozizira chisungunuke. Zaka makumi atatu ndi zinayi. Anaona ndi maso awo mmene mcherewo umadyera galimoto za anthu kuyambira kunsi, mpaka woyendetsa kumaona msewu pakati pa mapazi ake. Ndiye pa Buick yawo yobiriwira ya mu 1964 anaika lamulo limodzi: mchere ukangothiridwa, galimoto situluka mpaka Meyi.

Galimoto imeneyi ndi yomwe anatengera achemwali anga, a Lorna, pochoka kutchalitchi tsiku laukwati. Mphatso ya ana sanakhale nayo. Anthu kuno ankanyogodola kuti mwana wa a Reino ndi wamatayala anayi, ndipo achemwali ankaseka nawo, ati galimotoyo ndi mkazi mnzawo, koma amagona miyezi isanu ndi umodzi pachaka, ndiye nsanje ya chiyani.

Loweruka lomaliza la Okutobala aliyense ndinkapita kukathandiza kuigoneka m'khola lakale la ng'ombe. Kuthandiza kwake kunali kugwira tochi uku ndikukalipiridwa. Ankaitsuka, kudzaza thanki mpaka kukamwa, kusintha oilo, kuchotsa batire n'kukaisunga m'nyumba pofunda. Mu ekizozi ankafinyikizamo waya wotsukira mapoto kuti makoswe asamangemo zisa. Handibuleki sankakoka, ati imamatirira. Ankangoika zipika kumatayala. Kenako chinsalu, loko, kiyi m'thumba. Achemwali ankabwera ndi khofi ndi buledi wotsekemera, n'kusisita bonetiyo potsanzikana nayo.

Zaka ziwiri zapitazo achemwali sanabwere kukhola. Khansa inali itawafooketsa, ndipo madokotala anali atasiya kulonjeza kanthu.

Lamlungu lina pakati pa Novembala dzuwa linawala bwino, koma chipale choyamba chinali chitagwa kale, misewu ili mbuu ndi mchere. Ndinali nawo pabalaza pamene achemwali anasuzumira pazenera n'kunena motsitsa mawu:

"Bambo, tamudzutsani mkazi mnzangayo, mundifikitse kunyanja. Kamodzi kokha."

Ankanena za malo amene ankapitako chaka ndi chaka pa tsiku lotulutsa galimotoyo. A Reino anati mumsewu muli mchere, apite pa pikapu. Achemwali anati pikapuyo imanunkha galu ndi dizilo, ndipo chomwe akufuna si kuona madzi.

"Mu Meyi, mayi. Tsiku loyamba, monga mwa nthawi zonse."

"Chabwino, mu Meyi," anatero achemwali, n'kukokera bulangete kumapewa.

Ndinawatsatira alamu panja mtima uli m'mwamba, ndipo sindinapite m'mbali. Ndinawauza kuti kubwezera batire sikutha ndi theka la ola lomwe, kuti kunsi kwa galimotoyo ndikatsuka ndekha chogona chagada, kuti chitsulo chimagulidwa koma mlongo wanga sagulidwa. Anangoyang'ana kukhola kuja kwa nthawi yaitali.

"Alamu, ndikaitulutsa lero ndiye kuti ndavomera kuti Meyi samuona."

Mpaka pano sindidziwa ngati ankaopa zimenezo kapena ankaopa dzimbiri. Ndimakhulupirira kuti zonse ziwiri, ndipo zonse zimandipsetsa mtima mofanana.

Achemwali anatisiya pa 9 Febuluwale. Nthaka inali itauma gwa ndi kuzizira ngati thanthwe, manda osakumbika, choncho monga timachitira kuno, bokosi linakasungidwa m'kanyumba kamiyala kumandako kudikira kuti pansi pasungunuke. Miyezi itatu. A Reino anatsala okha m'nyumba ndi batire ija pashelefu, mkazi wawo atsekeredwa uku, galimoto uko, onse akudikira mwezi womwewo wa Meyi. Ine sindinawalankhule mpaka Isitala, ndipo sindikunyadira zimenezo.

M'mawa wa tsiku loika maliro anandiimbira foni kuti ndikagwire tochi. Tinachotsa chinsalu, waya ndi zipika, tinabwezera batire. Injini inalira atangopotokola kiyi kamodzi. Dzimbiri panalibe ngakhale kadontho, khoswe sanalumepo kanthu. Ntchito yawo inali yabwino kwambiri, ndipo ndinaida. Nditati nditsegule chitseko chakutsogolo, anandigwira mkono n'kundilozera kumbuyo. Tinatsatira galimoto yamaliro pang'onopang'ono, mpando wakutsogolo wa achemwali uli wopanda munthu.

Okutobala atafika ndinadikira foni Loweruka lomaliza lija, koma sinalire. Chipale chinagwa, chilole chamchere chinadutsa pakhomo panga, ndipo pambuyo pake penipeni panali Buick yobiriwira ikulowera kumanda, mchere ukuithovokera m'mbali. Mawa lake chimodzimodzi, nyengo yonse yozizira, osaitsuka ngakhale tsiku limodzi.

Sabata yatha ndinawapeza a Reino pageti la kumanda. Kunsi kwa zitseko penti yatukusira, dzimbiri layamba kutuluka. Ndinapasisita ndi chala, ndipo ine amene ndinawatukwanira chitsulo chomwechi ndinamva chisoni.

"Alamu, mchere ukuidyatu galimotoyi."

Anatseka chitseko cha mbali imene ankakhala achemwali, chimene amatsegula nthawi zonse akafika, ngakhale palibe wotsika.

"Usiyeni udye," anatero.