Mwana Wotsegula Khola

Ndikukumbukira kuti kale ndinkakhulupirira chinthu chopusa: kuti makani a mwana amakhala m'matako, ndipo ukamenya pamenepo mokwanira amatuluka ngati fumbi m'thumba la chimanga. Musandiseke. Ine sukulu ndinalekezera panjira, ndipo phunziro limene aphunzitsi athu anandilowetsa bwinobwino ndi limenelo basi.

M'zaka zija za m'ma 1990, maliro atachuluka kwathu ku Mphamba, mng'ono wanga anamwalira n'kusiya mwana mmodzi, Yotamu, wa zaka zisanu ndi zitatu. Kwathu kuno mwamuna akapereka ng'ombe za malowolo, ana ndi a kuchimuna. Choncho maliro atatha, mayi ake anabwerera kwawo ku Magodi, mwana n'kutsala m'manja mwanga ndi mwa mkazi wanga, NyaZimba.

Kamwanako kanali kofatsa ngati kobadwira m'tchalitchi. Koma tsiku lina tinadzuka khola lili pululu, ng'ombe zili m'munda mwa a Nyirenda, zikudya chimanga chanthete. A Nyirenda anafika akutukwana m'Chitumbuka, m'Chinyanja, mpaka m'Chizungu chimene sankachidziwa n'komwe. Pakhomo pa khola, mitengo yotsekera inali itasololedwa, ndipo m'matope munali timapazi tating'ono.

Ndinathyola nthambi ya gwafa n'kugwira ntchito yanga. Yotamu sanalire. Patapita masiku anatsegulanso. Ndinamanga khola ndi waya, iye anamasula. Ndinamugoneka ndi njala, amene analephera kugona ndine. Kusukulu nako aphunzitsi anatumiza mawu kuti akuluma anzake. Mtengo wa gwafa uja unatha nthambi zam'munsi, mwana ali chimodzimodzi.

Kenako anabwera akulu anga, a Zakeyo, munthu wosabwereza mawu.

"Mwana uyu wakukanika," anatero. "Lamulungu ndidzamutenga, ndikamusiye ku famu ya fodya cha ku Chipata. Kumeneko akawongoka."

Ndinkadziwa mmene ana opita kumeneko amabwerera, ngati abwerako n'komwe. Koma ndikanayankha chiyani? Chimanga cha anthu chinali kutha, ndipo nzeru zanga zinali zitatha kale.

Lachisanu m'mawa ndinapezanso khola lili pululu. Ulendo uno Yotamu sanathawe. Anali chilili pomwepo, ndipo atandiona anavula yekha malaya n'kutembenuka. Pamsana pake panali mizere yanga ya dzana, ina isanapole. Dzanja linakana kukwera. Ndinangokhala pansi, pandowe penipeni, ine ndi ndevu zangazi. Musaganize kuti inali nzeru. Kunali kutopa.

"Iwe Yotamu, ng'ombezi zinakulakwira chiyani?"

Anakhala nthawi akukumba pansi ndi chala cha kuphazi.

"Adada, pamaliro paja munati ine sindipita ndi amama chifukwa cha ng'ombe."

"Eya, ndinatero."

"Ndiye zikasowa zonse, ndipita."

Ng'ombe za malowolo zinapita ku Magodi iye asanabadwe, mwina zinadyedwa kalekale. Izi ankazithamangitsazi zinalibe mlandu uliwonse. Ndinayamba kumufotokozera mwambo wathu monga akuluakulu amaufotokozera, koma ndili pakati ndinadzimva ndekha kuti kwa mwana wofuna mayi ake ndikungoomba mphepo.

Ndinatuma mnyamata wanga wamkulu kukakusa ng'ombe, ine n'kupopa njinga. Yotamu ndinamukweza kumbuyo, ulendo wa ku Magodi, m'tinjira ta minga, dzuwa likuwotcha pakhosi.

Mayi ake tinawapeza atagona pamphasa kuseri kwa nyumba. Matenda aja amene anatenga mwamuna wawo anali atawamaliza, manja ngati mapesi. Kudzuka analephera. Anangokokera mutu wa mwana pachifuwa n'kumamusisita, akumufunsa ngati amadya, ngati amasamba. Atamva kuti pamsana pali mabala, anangondiyang'ana. Bola akanatukwana ngati a Nyirenda.

"Alamu, bwererani naye," anatero dzuwa litapendeka. "Pano ndimudyetsa chiyani? Amene akundidyetsa ine ndi amama, okalamba aja."

Pobwerera Yotamu anagwira malaya anga, nkhope ataikanikiza pamsana panga. Ndinamva kunyowa. Kulira kumene ndodo inalephera kutulutsa kunatuluka kokha, njira yonse. Ndinangopalasa.

Madzulo, mwana atagona, ndinakhala pakhonde ndi NyaZimba, iye akuswa mtedza.

"NyaZimba, ine ndathedwa," ndinatero. "Mayi ake sangamusunge, ine kulera kwandikanika, akulu akubwera mkuja. Titani?"

Sanadzutse n'komwe mutu.

"A Jere, mwana uja mwayamba kumulera lero m'mawa, ndiye mwalephera liti? Akulu anuwo akabwera ndiwaphikira tiyi, amwe, abwerere okha. Inu konzani njinga, muzipita naye ku Magodi. Mayi ake atsala ndi masiku ochepa, musamumanenso amenewo."