Loweruka Limene Seva Inanditsekera

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku ofesi ya bungwe lina la zaulimi pa boma la Nsanje. Makompyuta onse a pamenepo anali m'manja mwanga, pamodzi ndi seva, kompyuta yaikulu yotumikira ena onse, imene inkakhala m'kachipinda kakumapeto kwa khonde. Kachipindako kanalibe windo. Anzanga ankandisirira chifukwa m'menemo mokha ndi mmene munali makina oziziritsa mpweya, moti mwezi wa Okutobala ena ankachita kupeka mavuto a kompyuta kuti angoimako pakhomo.

Chaka chimenecho a ku likulu anasintha zambiri. Kale tinali ndi makompyuta akuluakulu angapo, iliyonse ndi ntchito yake. Iwo anabweretsa imodzi yamphamvu, m'kati mwake n'kugawamo timaseva tosaoneka ndi maso, kalikonse kochita ngati kompyuta payokha. Kena kankasunga maina a alimi, kena makalata, kena kankayang'anira chitseko cha kachipindako. Chitsekocho chinali chachitsulo, chotsegula ndi chala, polowa ndi potuluka pomwe. Foni sinkaloledwa kulowa.

Tsiku lina anatilamula kuti tiike keneli yatsopano, chifukwa yakale inapezeka ndi mpata umene akuba a pa intaneti akanalowerapo. Keneli ndiyo phata la pulogalamu yoyendetsa makina, ndipo ikasinthidwa seva imayenera kuzimitsidwa n'kuyatsidwanso. Ntchito yotere tinkaichita Loweruka, anthu kulibe. Ndinayamwitsa mwana wanga, amene anali asanayambe n'kukwawa komwe, n'kumusiya ndi apongozi. Ndinawauza kuti ndibwerako asanatereke ndiwo zamasana.

Pageti ndinapeza alonda athu, bambo wachikulire amene makolo awo anachokera ku Mozambique. Tinapatsana moni, ndinasiya chikwama ndi foni patebulo langa, n'kulowa.

Keneli inalowa bwinobwino. Ndinazimitsa seva, n'kuiyatsanso. Inadzuka, koma timaseva tam'kati tija sitinadzuke. Chitetezo cha keneli yatsopanoyo chinakana kachidutswa kena ka pulogalamu kamene timasevato tinkadalira, n'kunena kuti sikakudziwika. Sindinade nkhawa. Mankhwala ake ndinkawadziwa: kubwerera ku keneli yakale. Nditayesa, makina anandifunsa mawu achinsinsi amene sindinapatsidwe. Ankasungidwa ku likulu.

Ndinati ndikatenge foni ndiwaimbire. Ndinaika chala pachitseko. Kagetsi kofiira. Ndinapukuta chalacho pasiketi, n'kuikanso. Apo mpamene ndinakumbukira kuti kaseva kotsegula chitseko kanali m'gulu la tija tomwe tagona.

Ndinamenya chitseko ndi chikhatho mpaka chinayamba kuwawa, kenako ndi nsapato. Patapita nthawi ndinamva mapazi pakhonde.

"Mayi, kwagwanji?"

"Baba, chitseko chanditsekera. Pali nkhwangwa kapena chitsulo chilichonse kumeneko?"

"Nkhabe, mayi," anakana m'Chisena chawo. "Anandiuza kuti chitseko ichi ndisachikhudze olo ndi chala. Ndikachiswa, mawa ana anga adya chiyani?"

Sindinawakakamize. Ndinawatuma kuti atenge foni yanga, ndinawauza nambala yotsegulira foniyo, ndipo anaimbira mkulu wa makompyuta wa ku likulu. Anagoneka foniyo pansi, pakampata kapakati pa chitseko ndi simenti, ine n'kugona chafufumimba kuti ndimve.

Mkuluyo anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anali munthu wabwino, ndipo ankamveka kuti wakhudzidwa. "Achemwali, pepani kwambiri. Koma mawu amenewo sindingawatchule pafoni, komanso pali munthu wina amene akumva. Ndiyambe ndapempha chilolezo kwa abwana."

"Achimwene, ndili ndi mwana woyamwa."

"Ndamva. Ndiwaimbira pompano."

Abwana awowo sankayankha foni. Kiyi wamba wa chitsekocho analipo mmodzi, ndipo anali ndi amanijala athu, amene anapita kumaliro a amalume awo kumudzi wina wa kwa Malemia. Nawonso foni yawo sinkapezeka. Alonda sakanachoka pageti, choncho anaimitsa bambo wina wakabaza n'kumutuma kumaliroko.

Dzuwa litafika pamutu magetsi anazima. Jenereta wathu ankayatsidwa masiku a ntchito okha, ndipo mafuta ake ankatsekeredwa m'chipinda chosungiramo katundu. Makina oziziritsa aja anangoti zii. Seva inapitiriza kulira ndi mabatire, ikutulutsa mpweya wotentha ngati wa mu uvuni wa njerwa. Amene anakhalako kuchigwa kuno akudziwa mmene Okutobala amachitira ngakhale munthu uli pansi pa mtengo. Ine ndinali m'bokosi la simenti, denga lake lamalata.

Ndinazimitsa seva. Lamulo linkati isazimitsidwe popanda kuuza a ku likulu, koma ndinaona kuti ipsa, ndipo ine ndipsa nayo limodzi. Itazima munagwa mdima, kupatula kamzere ka kuwala kunsi kwa chitseko. Ndinakhala pansi pamenepo, msana kukhoma.

Mawere anadzaza n'kuyamba kuwawa. Mkaka unadutsa bulauzi, n'kusakanikirana ndi thukuta. Ndinkaona m'maganizo apongozi akuzungulira pabwalo, mwana kumsana, akusuzumira kumsewu. Kunyumba kunalibe foni, inayo inali ndi bambo a mwana amene anapita ku Bangula kukagula mbuzi. Alonda anawaimbira, iwo n'kuyamba kusaka galimoto yobwerera.

"Mayi, mulipo?" Alonda ankafunsa pafupipafupi.

"Ndilipo, baba. Ludzu."

Kapu sikanadutsa pakampata kaja. Anathira madzi pansi kuti ayenderere m'kati, koma anangosanduka matope ndi fumbi. Kenako ananyika mpango wawo m'madzi, n'kuukankha ndi kamtengo mpaka nsonga yake inatulukira mbali yanga. Ndinaukoka, ndinauyamwa, ndinapukutira kumaso, n'kuubwezanso. Tinachita zimenezo kambirimbiri. Mpangowo unkanunkha fodya, koma sindinasamale.

Kuti ndisagone, anayamba kundisimbira za munda wawo wa kudimba, mmene mvuu zinawadyera chimanga chaka chatha, ndi mmene akazi awo anakanira kusamukira kumtunda. Ankayamba Chimang'anja, nkhani ikakoma n'kugwera m'Chisena. Zina sindinkazimva bwino chifukwa mutu unkagunda, koma ndinkayankha kuti adziwe kuti ndili moyo. Nthawi ina ndinalira. Nditatonthola, iwo anapitiriza za mvuu zija.

Amanijala anafika dzuwa litapendeka, atakwera kabaza yemwe uja, chitenje chakumaliro chili m'chiuno. Chitseko chitatseguka, mpweya wa pakhonde, womwe masiku onse tinkaudandaula, ndinaumva ngati wa kumapiri. Amanijalawo anandigwira m'khwapa n'kundikhazika pampando. Ndinangokwanitsa kuthokoza alonda m'Chisena chawo kuti, "Takhuta, baba."

Kunyumba ndinapeza mwana atasasa mawu. Apongozi anali atamupatsa madzi a shuga ndi supuni. Ndinamuyamwitsa mwanayo mpaka anagona.

Madzulo bambo a mwana anati, "Ntchito imeneyi uisiye."

"Ndiisiye ndipite kuti? Chigwa chonsechi maseva alipo angati?"

Tonse tinkadziwa kuti mbuzi zawo zokha sizikanatisunga.

A ku likulu anatumiza mawu achinsinsi aja Lolemba, kudzera njira yake yovomerezeka, ndipo anafunanso kuti ndifotokoze chifukwa chimene seva inazimira. Ndinafotokoza. Ndinapemphanso kuti chitseko chikhale ndi chogwirira cham'kati. Anavomera kuti m'pofunikadi, n'kunena kuti mmisiri wake adzabwera akadzapeza ulendo wa kuchigwa. Mvula inayamba, msewu unavuta, mmisiriyo sanaoneke chaka chimenecho.

Lolemba lomwelo ndinaima pakhomo pa kachipinda kaja nthawi yaitali, kiyi amene amanijala anandibwereka ali m'manja. Ndinkamva fungo la mkaka wowawasa ngakhale anali atakolopamo. Kuofesi yaikulu anthu anali atayamba kale kuitana dzina langa, akufunsa kuti makalata awo atseguka liti. Ndinalowa.