Penti Wabuluu pa Boti la Achimwene

Ine ndinabadwira kumapiri, ku Ligowe, kumene madzi akuya amene ndinkawadziwa anali a m'chitsime. Achimwene anga ndi amene anatsikira kuchigwa, nakwatira m'mbali mwa Shire, n'kuphunzira ntchito yowolotsa anthu pa boti lamatabwa. Banja lawo lonse linkadya za botilo.

Chaka china anandiimbira foni kuti kukubwera munthu wa boma woyendera maboti, ndipo boti lolephera lidzachotsedwa pamadzi, mwini wake osapatsidwa chiphaso. Mawu awo sanali bwino. M'mawa mwake ndinakwera njinga yamoto kutsikira kumeneko. Kuthandiza ndinkafuna ndithu, koma ndisaname, chinandinyamula kwambiri chinali chidwi. Ng'ombe ndinaonapo akuiyang'ana mano asanaigule. Nanga boti amaliyang'ana pati?

Tinalikokera pamtunda atatu, ine, achimwene ndi akazi awo, alamu anga. Linali lotuwa, lokandikakandika, phula litamatuka apa ndi apo. Ndinagwira m'chiuno.

"Achimwene, mlendo wochokera kutali mukamuonetse chinthu ichi? Kwathu kukamabwera mlendo sitizira nyumba kodi?"

"Tingolitsuka basi, achemwali. Kalata yawo yanena za majekete opulumutsira anthu m'madzi, nkhafi ndi chokapira madzi. Za penti palibe."

Sindinamve. Ine ndikakakamira chinthu, ngakhale amayi athu ankangondisiya. Tinakagula penti wabuluu ku Zalewa. Ming'alu tinaimata ndi utuchi wosakaniza ndi phula, pamwamba pake n'kupaka penti kawiri. Zinatitengera masiku awiri, dzuwa la kuchigwa likundiwotcha ine wa kozizira. Pomaliza boti linkanyezimira, anthu odutsa n'kumafunsa ngati tagula latsopano. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Tsiku lake litakwana, woyenderayo anafika chakumasana. Anali bambo wamfupi, wa nsapato zampira, atanyamula kachikwama. Anazungulira botilo kamodzi, napumira m'mwamba.

"Mwapaka liti pentiyu?"

"Dzana, bwana," ndinayankha msanga, kuopa kuti wina angandilande ulemu.

"Mayi, mwandibisira zonse zimene ndabwerera."

Nkhope inandigwa. Alamu anatembenukira kumtsinje, koma mapewa awo ankaoneka kuti akuseka.

Bamboyo anawerenga majekete ndi nkhafi, kenako anati tilivundikire botilo. M'kachikwama muja anatulutsa kahamala ndi sikuludiraiva. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Anayamba kugogoda thabwa limodzilimodzi, khutu atalisendeza pafupi. Manyazi anga anatha pomwepo, ndinkangomutsata pambuyo.

"Kodi bwana, mukumvetsera chiyani?"

"Thabwa lolimba limayankha kuti ngo, ngo. Lowola mkati limangoti phu. Maso mwawanamiza ndi penti, koma khutu silinamizika. Tayesani inuyo."

Ndinalandira kahamalako ngati mwana wolandira switi. Ngo, ngo, ngo. Zinandikoma. Ndinkamva kuti thabwa lililonse lili ndi kaliridwe kake, la m'mbali mokweza, la pansi monenepa. Ndinapitirira mpaka chakumbuyo, pansi pa mpando womaliza. Phu. Ndinagogodanso, poganiza kuti dzanja latopa. Phu.

Ndinayang'ana achimwene. Ndikanakonda kahamalako kakanakhala m'manja mwa munthu wina.

Woyenderayo anapala penti wanga pamalopo, nakankha sikuludiraiva ija pang'ono chabe. Inalowa ngati mmene mpeni umalowera m'papaya lakupsa. Anayesa thabwa loyandikana nalo, chimodzimodzi. Sanakalipe. Anangolemba papepala, n'kunena kuti matabwa atatu achotsedwe, atsopanowo asapakidwe chilichonse, ndipo adzabweranso mwezi wamawa. Mpaka tsiku limenelo, boti lisakhudze madzi.

Mwezi wathunthu osawolotsa munthu, ana anayi ali pakhomo. Mtima unandipweteka. Ndinkadikira kuti achimwene achonderere, kapena andikalipire ine wogogoda pamalo osayenera, chifukwa mkwiyo wawo ndimaudziwa kuyambira tili ana. Iwo anangogwada pamchenga, n'kulowetsa chala chachikulu m'bowo muja. Chinatuluka ndi zinyenyeswa zakuda, zonyowa. Anazifikisa m'manja nthawi yaitali.

"Bwana, likanapirira mpaka liti?"

"Mwina chaka. Mwina mpaka mutagunda chitsa chimodzi chobisika m'madzi."

Achimwene anakhala pansi, natsamira botilo, penti n'kuwamatirira kumsana kwa malaya. Sanalankhule ndi woyenderayo, kapena akazi awo. Analankhula ndi ine, motsitsa mawu.

"Achemwali, Lachisanu lapitali ndinawolotsa mayi wina akuchokera kuchipatala, khanda la masiku atatu lili m'manja. Anafuna kukhala kutsogolo. Ndine ndinamuuza kuti ayi, khalani kumbuyo kuno pafupi ndi ine, kuno ndiye kwabwino."