Mpando pakati pa amayi

Mwamuna wanga atamwalira, anthu a ku Kawale anayamba kundiyang'ana m'khosi ndi m'mikono. Zinali zaka zija zoti ukangoonda pang'ono, anthu ankanong'onezana kuti nayenso ali m'njira. Ine ndinati sindiwapatsa nkhani. Ndinayamba kudya: mandasi omwe ndinkagulitsa, tchipisi cha pachiwaya, mpaka makombo a ana. Ndinkadya ndilibe njala, nthawi zina misozi ikugwera m'mbale.

Anthu anayamba kundiyamikira. "Koma mayi mukuoneka bwino. Thupi limeneli ndi la mtendere." Mtendere wake uti? Kukacha sindinkafuna kudzuka, kusamba kunali ntchito, ana akandilankhula ndinkangowazazira. Mtima ukalemera ndinkadya, ndikadya ndinkadzida, ndikadzida ndinkabwereranso kumphika. Palibe ankadziwa kuti amenewa ndi matenda a maganizo, ngakhale ine mwini. Kwathu wodwala ndi woonda basi.

Thupi linapitirira muyezo woyamikiridwa uja. Telala ankachita kulumikiza zitenje, ndipo makondakitala akandiona ankati minibasi yadzaza, mpando ndikuuona.

Chinandimaliza ndi maliro ena ku Biwi. Pamaliro abambo amakhala pamipando panja, ife amayi pansi pamphasa. Itakwana nthawi yonyamula bokosi onse anaimirira, ine ndinakanika. Anzanga anandikoka manja ngati thumba la chimanga, chitenje n'kumasuka, ndipo mtsikana wina anaseka atagwira pakamwa. Kuyambira tsiku limenelo, uthenga wa maliro ukamveka ndinkatseka makatani n'kukhala chete. M'mudzi wa m'tauni anthu amaona amene sabwera. Anati ndayamba matama.

Kenako amayi anga, amene ndinkakhala nawo, anamwalira. Ndinkawalira, koma mantha analinso pomwepo: andithandiza ndani kuwaika? Anthu anabwera ndithu, koma anangokhala atapinda manja. Panalibe wosonkha moto, panalibe wotunga madzi, ngakhale woyambitsa nyimbo.

Mayi wina wachikulire wa nyumba yoyandikana, amene ankatsogolera amayi pamaliro, analowa m'chipinda m'mene ndinabisala.

"Mwana wanga, maliro a anzanu munawasiya. Anthu akufuna amve chifukwa. Tiyeni pabalaza."

Ndinaima patsogolo pa amayi onse, thupi la amayi anga lili pomwepo. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Ndikakhala pansi sinditha kudzuka," ndinatero. "Ndipo masiku ambiri sindifuna n'komwe kudzuka."

Wina anatsokomola. Mayi uja anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akundiona koyamba.

"Ife kumati muli pabwino," anatero motsitsa mawu.

Anatuluka panja, ndipo ndinawamva akulankhula ndi bambo wina. "Pepani abambo, tibwerekeniko mpandowo." Anabwera nawo n'kuuika pambali pa malemu, pakati penipeni pa mphasa.

"Khalani apa."

"Amayi, anthu aziti chiyani?"

"Anena kale. Khalani."

Ndinakhala. Mpandowo unalira, ndipo ndinagwira khoma poopa kuti uthyoka. Amayi anga ndinawalira ndili pamwamba ndekha, aliyense wolowa akuyamba waona ine asanaone malemu. Manyazi sanandichoke, ndipo ndikakumbukira amandigwirabe mpaka lero. Koma ndili pampando pomwepo, ndinamva kuseri kwa nyumba wina akuwaza nkhuni.